Manda a a Khoromana

Mpaka lero fungo la polishi wa nsapato limandibwezera pakhonde la a Khoromana, nkhalamba yomwe inkakhala yokha kuseri kwa munda wathu wa chinangwa ku Chiringa. Chaka chonse ankayenda opanda nsapato ngati wina aliyense, koma Lamulungu lachiwiri la Novembala likafika, dzuwa likuotcha mpaka phiri la Michesi kuoneka ngati likufuka utsi, ankatulutsa majombo akale osweka m'mbali, n'kuwapukuta mpaka kunyezimira. Ankavala jekete yokhala ndi mendulo imodzi ndi kaduwa kofiira kapepala, n'kuika wayilesi pampando. Nthawi ikakwana 11 koloko, lipenga likalira mu wayilesimo, ankaimirira njo, osaphethira, ngakhale ntchentche itere pamphuno. Ife ana tinkabisala m'chinangwa kumaseka.

Tsiku lomwelo agogo anga aakazi, a Elube, ankandituma kwa a Khoromana ndi mbale ya nyemba za kalongonda. "Ukangosiya pakhonde, usakachedwe," ankatero. Sindinafunsepo chifukwa. Ndinali mwana wosafunsa.

Ndili Sitandade 7, patangopita chaka agogo aamuna atamwalira, aphunzitsi anatifotokozera za tsikuli. Anati linayamba nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pamene mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala nthawi ya 11 koloko, ndipo kaduwa kofiira kamakumbutsa maluwa amene anamera pamene panagwera asilikali. Anati ku Zomba akuluakulu amakaika nkhata za maluwa pachipilala. Kenaka anatituma kuti aliyense akafunse munthu wamkulu n'kulemba zomwe wamva.

Ndinazungulira nyumba ya a Khoromana kawiri ndisanaodire.

"Felesiya! Lero mbale ili kuti? Wabwera ndi kope, ukufuna kundilemba msonkho?"

Ndinagwada n'kufotokoza.

"Aphunzitsi akowo anena zoona, ndi tsiku la akufa. N'chifukwa chake ine ndimalisunga. Lemba: ine Khoromana ndinafa ku Burma."

Ndinaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala zawo. Iwo sanaseke.

"Lemba, mwana iwe. Pensulo ikuopa chiyani?"

Ndinalemba. Anati anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, wopanda mbale aliyense, n'kukwatira m'mudzi muno. Patangotha miyezi isanu anawatenga kunkhondo yachiwiri. Kunkhalango za ku Burma bomba linawavulaza, anzawo anawasiya poyesa kuti atha, ndipo kalata inafika kumudzi kuti afa. Popeza mtembo panalibe, akuchikazi anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'malaya awo, n'kuliika m'manda ndi nyimbo zonse. Iwo nthawi imeneyo anali m'chipatala kutali, osatha ngakhale kutchula dzina lawo.

"Nditabwera patapita zaka ziwiri, amayi pachitsime anataya mitsuko. Amuna anandiwaza dothi kumaso kuti aone ngati ndizimirire. Sindinazimirire. Ndiye ndinafika pakhomo panga, n'kupeza mkazi wanga akusinja, mwana kumbuyo, mwamuna wina akusema mpini pakhonde."

"Ndiye munatani?"

"Ndikanatani? Munthuyo sanabe. Anakwatira mkazi wamasiye. Ndinapempha kamalo kuseri kwa munda, basi."

"Nanga mayiwo anapita kuti?"

"Sanapite kulikonse. Ndi amene anakuphikira phala m'mawa uno."

Pensulo inagwa. Agogo anga, amene ankaimba kutsogolo m'gulu la amayi a kutchalitchi, amene sindinawaonepo akupatsana moni wa m'manja ndi bambo ameneyu! Mwana wa kumbuyo uja anali amalume anga aakulu.

"Tola pensulo, sindinathe," anatero. "Mnzanga uja, agogo ako aamuna, ali moyo sindikananena, chikanakhala chipongwe. Tsopano wapita, inenso miyendo yayamba kutupa. Ndilibe kwathu koti akanditengere. Lemba kuti ndikupempha manda anga omwe aja. Nthochi yandisungira malo kokwanira. Ukawawerengere agogo ako, ine pamaso pawo pakamwa pamauma."

Ndinayenda m'munda muja ngati ndasenza mwala. Ndinaganiza zong'amba tsambalo, koma ndinali ndisanakanepo ntchito imene wamkulu wandituma. Agogo ndinawapeza akusenda chinangwa cha makaka. Ndinagwada patali ndithu, n'kuwerenga zonse maso ali pakope, kudikira kuti andikalipire.

Mpeni unasiya kulira.

"Wamaliza?"

"Eya, agogo."

"Walakwitsa pamodzi. Sanali malaya, linali bulangete. Malayawo ndinakana nawo."

Anapukuta manja, n'kundituma kukaitana amalume. Amalume atamva anadzuka pampando.

"Amayi, anthu adzati chiyani? Bambo anga sanathe n'chaka chomwe chachiwiri m'manda, inu mukufukula zakale? Munthu uja ndi ndani wathu?"

"Khala pansi," anatero agogo, osakweza mawu. "Iwe unali kumbuyo kwangaku, sunaone nkhope yake tsiku lija. Ine ndinamulira, ndinameta, ndinamuika. Zaka zonsezi wakhala apo kuonerera ana a mnzake akukula, sanatukwanepo munthu. Lero akupempha dzenje lake lomwe, ndiye umukanize ndiwe?"

Amalume anayang'ana ine ngati ndine ndayambitsa nkhondo ya ku Burma. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Anachoka osatsanzika, ndipo sabata yathunthu sanaponde pakhomo pathu. Lachisanu lotsatira anabwera atavala jekete, n'kunena ali chiimire kuti akupita kukaonana ndi akuluakulu oyang'anira manda.

Kusukulu ndinapereka tsamba lina, longobwereza zomwe aphunzitsi ananena. Anandilembera kuti sindinafunse munthu aliyense, ndipo ndinalandira chilango chosesa kalasi. Ndinasesa.

A Khoromana anamwalira chimanga chikumasula. Adzukulu a kumanda anakumba pamalo pomwe paja, pamene agogo anawalozera ndi ndodo mosakayika, ngakhale panali patamera tchire. Pamaliro anthu anadabwa kuona agogo akulowa m'nyumba ya siwa n'kukhala kumutu kwa bokosi, malo a mkazi wa malemu. Ena ananong'onezana. Amalume ndi amene anayankhula m'malo mwa banja, ndipo mawu anawathera pakati.

Agogo nawo anatisiya patapita zaka zinayi. Masiku ano mudzi ukamalambula kumanda, ine ndimapalira mitumbira itatu. Mwana wanga wamkazi anandifunsa chaka chatha kuti wachitatuyo ndi wa ndani. Ndinaima ndi khasu m'manja, kufunafuna dzina la ubale umenewu, koma silinapezeke. Ndinangoti, "Ndi agogo akonso. Gwira apa, tizule udzu."