Kaphala kamene kanatibweza kuchipatala

Ndiyambe ndi kuulula. Lachinayi lapitali mwana wanga Tadeyo sanayezedwe magazi, ndipo wolakwa ndine.

Mwanayu ali ndi zaka zitatu. Akungowonda, madzi akumwa ngati munthu wochokera kumunda. Nditapita naye kuchipatala, anamwino anati, "Mayi, mubwere naye Lachinayi m'mawa ali pa jejumu. Mwamva?"

"Ndamva," ndinayankha msangamsanga.

Ndikanalephera bwanji kumva? Ndinakulira ku mishoni ya Fonte Boa ine. Jejumu tinaiphunzira pa katekisimu: ola limodzi usanalandire Ukaristia, osadya kanthu. Tsono Lachinayi ndinalawirira, nkum'patsa mwana phala kuti asalire m'njira. Pofika kuchipatala anali atadutsa maola atatu. Mtima unali m'malo.

"Wadya chiyani lero?" anafunsa abambo oyeza magazi.

"Kaphala chabe, komanso kalekale, dzuwa lisanatuluke."

Anabweza singano ija m'mbale. "Mayi, jejumu ya kuno si ya kutchalitchi. Kuno akadya chamadzulo, basi, madzi okha mpaka timuyeze. Bwanji simunafunse?"

Bwanji sindinafunse? Funso limeneli ndinalibereka pamodzi ndi mwana mpaka kwathu ku Lifidzi. Yankho ndikulidziwa, kungoti likundichititsa manyazi. Tsiku loyamba lija pamzere panali amayi akwathu, omwe amandibweretsera mapepala a kuchipatala kuti ndiwawerengere, poti ndili ndi sertifikadu ya uphunzitsi. Ndifunse iwo akumva? Ndinateteza ulemu wanga, mwana nkumusiya padera.

Abale anga, ansembe, anamwino ndi alangizi a zaulimi onse amatunga mawu pachitsime chimodzi cha Chipwitikizi, koma aliyense ali ndi muyezo wake. Ife timangogwedeza mutu. Amene sanapite kusukulu amaopa kufunsa. Ife amene tinapitako timachita manyazi, ndipo oopsa ndife, chifukwa anthu amatikhulupirira. Paja safunsa adadya phula.

Nanunso a kuchipatala, "mwamva?" yekhayo sakwanira. Ndani angakuyankheni kuti ayi? Tifunseni kuti, "Mukakafika kunyumba mukachita bwanji?" Pamenepo mudzamva nokha pomwe tasochera.

Abambo oyeza magazi aja amabwera Lachinayi lokha. Ndiye kuti sabata yathunthu ndikhala ndikumuyang'ana Tadeyo akugugudiza madzi, osadziwa chomwe chikumudya.

Koma chinanso chikundisautsa. Mwa amayi onse aja ndakhala ndikuwawerengera mapepala, ndi angati ndinawauza kuti ola limodzi ndi lokwanira?