Khadi la Mng'ono wa Agogo

Ndimalikumbukirabe jasi la Agogo aamuna, lakhaki, lolemera ngati bulangete lonyowa, lonunkha fodya ndi parafini. Anachokera nalo ku nkhondo yaikulu yachiwiri, komwe ankanyamula ovulala pamachira m'chipululu cha ku Iguputo. Anapitako awiri ndi mng'ono wawo, atangofika kumene ku Joni kuchokera ku Mangochi. Kumeneko anawaika m'magulu osiyana, ndipo Agogo anabwerako okha. Amayi ankatiletsa kufunsa zimenezi.

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, m'nyengo yozizira, amalume anamva kuti m'tauni muli ofesi yosunga mafayilo a asilikali akale, ndipo aliyense angathe kukafunsako. Maso a Agogo anali atachita nkhungu, Amayi sankadziwa Chingelezi, choncho anatenga ine, mtsikana wodziwa kuwerenga. Tonse atatu tinakwera sitima ku Mabopane, komwe tinkakhala kuno ku Joni, kukali chisanu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri dzina la mng'ono wawo silinapezeke. Ulendo wachitatu ndi pamene Agogo anaulula kuti onse awiri analembetsa ndi mayina a Chisutu obwereka, poopa kubwezedwa kwawo. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti sanaiwale ayi. Ankangozengereza.

Mayi wa mu ofesimo anabwera ndi kakhadi kachikasu, kodyeka m'mbali. Ndinaimirira mowongoka ngati m'kalasi, n'kuwerenga mokweza, kenako n'kumasulira. Panali nambala, gulu lawo, ndi malo amene anadutsamo. Mzere womaliza unkati anamwalira ndi malungo m'sitima yapamadzi pobwerera kuno, ndipo anaponyedwa m'nyanja. Agogo anandiuza kuti nditchulenso dzina la sitimayo. Ndinalitchula pang'onopang'ono, kuti mayi uja amve kuti ndimatha.

"Ndinali momwemo," anatero Agogo. "Ife tinali pamwamba, tikuimba."

Amayi anagwira pakamwa. Mayi uja anapita kukatunga madzi, koma Agogo sanamwe.

Pobwerera, pamsika wa ku Marabastad, Agogo anandigulira malalanje awiri. Masabata otsatirawo ankangokhala padzuwa kuseri kwa nyumba, ndipo wailesi ikayamba nyimbo ankapempha Amayi kuti aizimitse. Ine ndinanyanyala nyengo yonseyo. Ndinali nditawerenga khadi lonse osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake panalibe amene anandiyamikira.