Mbewa za M'chitini

Ndikukumbukira nthawi imene ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti azungu amadya mbewa, ndipo amaziika m'zitini monga achitira ndi nsomba. Sekani, palibe mlandu. Komboni yonse ya Chawama inaseka kalekale, inu mwachedwa. Koma musananditche chitsiru, imvani kaye mmene liwu limodzi la Chingerezi linatsala pang'ono kundiika m'manda ndili Giredi 4.

Makolo anga kwawo ndi ku Katete, koma ine ndinabadwira ku Chawama, m'nyumba ya zidina, ya malata otsindira ndi miyala kuopa mphepo. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la Ba Mulenga, Mbemba amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Kitwe, nabwera ku Lusaka ndi chifuwa chosatha ndiponso tambala wofiira amene ankamukonda kuposa abale ake. Abemba ndi ife akum'mawa ndife a chimbuya, timanyozana popanda wokwiya. Iwo amati timadya makoswe, ife timati amadya anyani, kenako akuluakulu amagawana fodya. Koma mwana sadziwa kuti ndi masewera.

Mtolo wa mbewa zouma ukafika pa basi kuchokera kumudzi, fungo likayamba kutuluka pambaula ya amayi, mwana wamkazi wa Ba Mulenga, dzina lake Mwansa, ankaima pampopi atatsina mphuno. "Iwe Yobe, lelo mwadya bangati bakoswe? Michila mwasiyilako pusi?" Ine ndinkafotokoza mpaka misozi kuti mbewa ndi ya kumunda, imadya mapira oyera, pamene khoswe ndi wa kuchimbudzi, ndipo nzosiyana ngati nkhuku ndi khwangwala. Iye ankangoseka, lilime likusuzumira pampata wa mano ake.

Madzulo Ba Mulenga ankakhala pakampando n'kumatiphunzitsa Chingerezi cha pansi pa nthaka. Kapitawo wawo anali mzungu wa kumpoto kwa Mangalande, ndipo chakudya chonyamula kuntchito ankachitcha bait. "Beiti," Ba Mulenga ankatero, akugogoda kachitini kawo kakale konyamulira buledi. "Ba ticha banu sibaziba iyi. Ni Chizungu cha mukati." Liwulo ndinalimeza lonse, osatafuna.

Atate ankanyamula katundu m'sitolo ya Mmwenye ku Kamwala. Tsiku lina anabwera ndi chitini chachikasu, osauza munthu, n'kuchibisa pamwamba pa khoma, pansi pa malata, pamene amayi ankabisa shuga. Kwathu chilichonse chobisidwa pamenepo chinali chokoma. Mawa lake akuluakulu atatanganidwa, ndinakwera pamtondo n'kuchitsitsa.

Tsono ganizani nane, inu ophunzira. Chitini cha nsomba chimakhala ndi chithunzi cha nsomba. Cha nyama chimakhala ndi mutu wa ng'ombe. Ichi chinali ndi mbewa yonenepa, ya ndevu zake, ndipo pansi pake analemba zilembo zazikulu zakuti RAT BAIT. Liwu loyambalo ndinaliphunzira kusukulu kuti ndi khoswe, ndipo ndinawamvera chisoni azungu kuti alibe dzina lina la mbewa. Lachiwirilo linali la Ba Mulenga. Chakudya cha mbewa! Ndinawerenga bwino, anzanga, sindinaphonye chilembo ngakhale chimodzi. Ndinangosokoneza kanthu kakang'ono kakuti wodya ndani, wodyedwa ndani. Pakona panali chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Ndinati eya, akutiuza kuti nawonso amadya ndi mafupa omwe, ngati ife.

Ndinathamangira kumpopi nditachikumbatira. Dzuwa linali lotentha mwakuti fumbi linkaotcha mapazi, azimayi atandanda ndi ndowa zawo, madzi akudontha ngati akuwerengedwa. Ndinakwera pamwala n'kulengeza kuti kuyambira lero aliyense wonyoza mbewa akunyoza Mfumukazi ya ku Mangalande. Kenako ndinatsegula chivindikiro ndi msomali.

Munalibe mbewa. Munali timbewu tonga tirigu, tofiirira, tonunkha ngati thumba lonyowa. Mwansa anasuzumira. "Vili kuti vimichila?" Ndinamuyankha kuti azungu amagaya. "Ngati ni vakudya, idya tione," anatero, manja ali m'chiuno.

Apa ndipo panali pobwerera. Mtima unandiuza kuti ndiwo yofiirira chonchi sindinaionepo. Koma ndinaona ngati chigawo chonse cha kum'mawa chaima kumbuyo kwanga, agogo ndi makasu awo okumbira mbewa, kudikira kuti ndiwachotse manyazi. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kuponya m'kamwa. Poyamba timbewuto tinatsekemera pang'ono, kenako kunakhala ngati ndikunyambita msomali wadzimbiri.

Amene anandipulumutsa ndi wodya anyani. Ba Mulenga, akuchokera kogula fodya, anaona chitini chachikasu chija, chimene ankachidziwa kuchokera ku nyumba zosungira katundu kumgodi. Sanafunse. Ndinangomva mbama pankhongo, timbewu n'kumwazika pafumbi, ndipo zala ziwiri zonunkha fodya zinali kale kummero kwanga. Amayi anafika akukuwa ndi kapu ya madzi amchere. Wina anabweretsa dzira laliwisi, wina sopo, aliyense ndi mankhwala ake, ndipo onse anandimwetsa. Ndinasanza zonse, phala la m'mawa, mango a kusukulu, ndipo pomalizira, pamaso pa Abemba onse a mumzere wathu, panatuluka kamchira ka mbewa ya dzulo.

"Onani! Muchila!" anakuwa Mwansa, uku akulira.

Ba Mulenga anandibereka mpaka kuchipatala, akutsokomola njira yonse. Atate, munthu wachifundo, anadikira kuti ndichire bwinobwino kuti pondimenya asandivulaze. Koma imfa siinabwerere chimanjamanja. Tambala wofiira uja anatola timbewu tinagwa pafumbi tija, ndipo posakhalitsa anauma miyendo ili m'mwamba. Palibe anamudya. Atate anapita kumaliro a tambalayo ndi ufa m'manja n'kuwathira Ba Mulenga kumutu monga achitira a chimbuya pamaliro, ndipo anthu awiriwo anaseka mpaka chifuwa chinawagwetsa Ba Mulenga pakampando.

Nditabwerera kusukulu, aphunzitsi anandiimika kutsogolo ngati chitsanzo. Anati beiti ndi nyambo. Nyongolotsi zimene tinkakola pambedza m'maenje a miyala odzaza madzi a mvula, imeneyo ndi beiti. Chiphe chotchera makoswe, beiti. Kuputa munthu dala kuti apse mtima achite zopusa, nakonso azungu amati kumuchita beiti, ndipo apa kalasi yonse inatembenukira kwa Mwansa. Za chakudya cha kumgodi anati sanazimvepo, koma Ba Mulenga anafa akulumbira kuti zinali zoona, ndipo patapita zaka ndinamva kuti sananame. "Khoswe amadya beiti chifukwa sanapite kusukulu," aphunzitsi anamaliza. "Iwe wadya chifukwa unapita." Dzina la Yobe linafera pomwepo. Mpaka lero madala a ku Chawama amanditcha Ba Beiti.

Zonsezi zandibwerera chifukwa cha mdzukulu wanga Chanda. Dzana anandibwereka foni yake, ndipo ndinaona mawu akuti onani zimene njoka inachita m'basi ya ku Matero, simukhulupirira. Ndinadina. Munalibe njoka, munalibe basi, munali mnyamata wa tayi wondiitana kukabetcha mpira. Chanda anaseka mpaka kugwira khoma. "Ba shikulu, iyo ni kilikibeiti! Mwadya!" Liwu langa lija, anzanga, lakula, lavala suti, tsopano likugwira ntchito m'foni.

Ndikayang'ana Lusaka wa lero, ndimaona kuti ine ndinangoyambirira. Nthawi ya mavoti amabwera ndi zitenje za nkhope zawo, ndipo timameza. Mneneri wa m'tenti amagulitsa mafuta a m'botolo oitana ukwati ndi galimoto, ndipo timameza. Anyamata a madigiri, amene Chingerezi chawo chimatulukira m'mphuno, amagona m'nyumba zobetchera mpira kudikira chuma. Chitini cha atate chinali ndi ulemu, chinajambula chigaza pakona kuti wamaso aone. Nyambo za masiku ano zilibe chigaza, zimajambula nkhope yomwetulira, ndipo palibenso Ba Mulenga woti akupise zala kummero.

Mwansa uja, ngati simunaganizire, ndi agogo ake a Chanda. Ndinamukwatira, inde, ndipo mbewa amaziphika bwino kuposa alongo anga, ngakhale amakana kuti salawa. Usiku wa tsiku la foni lija ndinamufunsa chimene ankandivutitsira pampopi masiku onse aja, anyamata ena akum'mawa ali mbwee m'komboni.

"Imwe, na manje simuziba?" anatero, akukonza pilo. "Inali beiti. Nenze kufuna kugwila munyamata oziba Chizungu." Anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kumapazi. "Ninagwila koswe. Zimyani laiti, tigone."