Tsitsi la a Honza

Ndikakumbukira a Honza, m'mphuno mwanga mumabwerera fungo la mafuta amene ankapaka m'mawondo, losakanikirana ndi la kabichi wowawasa amene ankaphika mazenera ali chitsekere, mpaka khonde lonse la fulati yathu ku Croydon linkanunkha. Ankakhala khomo loyang'anizana ndi lathu, mzungu wamtali wa ku Czech, woyenda chotsimphina, wadazi lowala ngati mbale. Mayi anandilamula kuti ndiziwatchula agogo, ndipo Loweruka ankandituma kukawatayira zinyalala chifukwa masitepe ankawavuta.

Paunyamata wawo ankasewera mpira kwawoko, kumbuyo, ntchito yotchinga. Iwo sankadzitama nazo. Wodzitama ndinali ine. Ndinauza anyamata onse akutchalitchi kuti timakhala moyandikana ndi munthu wotchuka, mpaka Dalitso, mnzanga wa ku Lusaka wosatseka pakamwa, anabwera kudzadzionera yekha.

Tinawapeza pampando, mwendo atausanjika pa kathebulo. Dalitso analemba dzina lawo pafoni. Panatuluka kafilimu kamodzi kokha, kakale, kosaoneka bwino, ndipo sikanali ka iwo. Kanali ka chigoli cha munthu wina. Mnyamata akuthamanga ndi mpira, a Honza akubwera kudzamutchinga, iye kuwadyetsa njomba, iwo pansi khu! chagada, mpira muukonde.

"Iwe, ndiye mudala wako wotchuka uyu?" anandinong'oneza Dalitso, atadzigwira pakamwa. "Wotchuka pogona!"

Ndinafuna kumulanda foniyo n'kuiponya panja. Sindinkafuna kuti agogo adziwe kuti pa zaka zonse zimene anathyolera mawondo awo, dziko linangosunga kugwa kokhako. Koma anali atamva kale phokoso la anthu mufonimo.

"Bweretsa kuno."

Anavala magalasi, n'kuonera osaphethira. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira.

"Bwezera! Bwezeranso! Anyamata inu, taonani tsitsi! Lonselo linali langa!"

Ankasisita dazi lawo, misozi ya phwete ikutsika, mpaka Dalitso anasowa chomuseketsa. Anatiuza kuti tibwezere kafilimuko mpaka foni inatha moto. Atapukuta magalasi anati, "Wotchinga akagwira bwino ntchito palibe chimachitika, ndiye ajambule chiyani? Apa ndinalakwa, ndinayang'ana mpira. Osayang'ana mpira. Uziyang'ana munthu."

Sukulu ndinasiya, musandifunse chifukwa, ndatopa nalo funso limenelo. Mpira nawo sunandifikitse kulikonse. A Honza anamwalira, ndipo kumaliro kwawo kunali ine ndi mayi anga, mayi wina wa m'fulati yapansi ndi Dalitso, atavala suti yomukulira. Nyuzi palibe inalemba.

Masiku ano kukakhala masewero ndimagwira ntchito yoyang'anira anthu m'bwalo ku Wembley. Amandiveka jekete lowala n'kundiimika m'mphepete chofulatira mpira, maso kwa zidakwa. Anzanga amadandaula kuti saona zigoli, ena amaba kuyang'ana mpaka kuwachotsa ntchito. Ine bwalo likaphulika kumbuyo kwanga sinditembenuka. Ndimayang'ana munthu, uja wayamba kusuntha phazi kulowera kumpanda, n'kukaima patsogolo pake asanaganize bwino.

Tsiku likatha popanda chochitika palibe amandithokoza. Ndimakwera sitima yobwerera kwathu, n'kudziona pagalasi la zenera, n'kudzigwira kumutu. Lonselo likadali langa, agogo.