Nyundo ya Atate Inapita kwa Zuze

Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, nkhondo ya Ajeremani isanayambe, pamene ndinawayankha atate mwano pamaso pa mlendo.

Atate anali osula. Chipala chawo chinali kuseri kwa mudzi wathu, m'munsi mwa phiri la Dedza, ndipo anthu ankabwera ndi makasu, nkhwangwa ndi mfuti za gogodela zoti awakonzere. Ntchito yanga inali kuvukuta. Ndinkavukuta mpaka mapewa kuuma, utsi wa makala ukundiwawa m'maso, koma nyundo sindinkaloledwa kuigwira. Woigwira anali Zuze, mwana wa mlongo wawo wa atate, amene anachokera ku Linthipe kudzaphunzira. Zuze sankaikonda ntchitoyo. Ankamenya chitsulo maso ali kunjira ya kuchitsime, chitsulo n'kuzizira, ine n'kuyambanso kuvukuta.

Tsiku lina la chisanu, nkhungu isanachoke, kunabwera Bulazala, mmodzi wa abale odzipereka ku mpingo a ku mishoni, mzungu wochokera ku Kanada. Anabweretsa mfuti yowombera nguluwe m'munda mwawo, kachitsulo ka m'kati katathyoka. Tinadabwa kuona akuvula chipewa, n'kukhala pansi, n'kugwira mbaniro ngati munthu wobadwira m'chipala. Atate anawafunsa kumene anaphunzira.

A Bulazala anafotokoza m'Chinyanja chawo chotsimphina. Kholo lawo lina linachoka ku Falansa kalekale, n'kuwoloka nyanja kupita kudziko lozizira kuposa kwathu kuno. Kumeneko linkakonza mfuti za alenje, ndipo linkasulanso zikho za siliva za m'tchalitchi. Linaphunzitsa mwana wake, mwanayo anaphunzitsa wake, mpaka luso linafika kwa bambo awo a Bulazalawo. Ankatchula maina a makolowo mmodzimmodzi akupinda zala.

Mtima wanga unatentha. Ndinasiya mvukuto.

"Mwamva, atate? Kwa anzathu mwana amalandira nyundo ya bambo ake. Ine ndine kapolo wa Zuze kodi?"

Atate sanandimenye. Anamaliza mfuti ija, anaperekeza mlendo, ndipo pobwera anandiitana.

"Nyundo iyi si yanga," anatero. "Ndinailandira kwa atsibweni anga, ndipo iyenera kubwerera kwathu. Ndikakupatsa iwe, ndaba. Iwe uli ndi atsibweni ako."

"Atsibweni anga amangoweta mbuzi."

"Ndiye pita ukawete mbuzi."

Chilango chinali chimenecho. Nyengo yonse ya chisanu ndinali m'phiri ndi mbuzi za atsibweni. Phokoso la nyundo linkandipeza komweko, ndipo ndinkadziwa ndi khutu lokha kuti uyu ndi Zuze akuononga khasu la munthu. Ndinkaluma mano, mbuzi n'kumalandira miyala yosalakwira.

Nditatopa nazo, ndinatsikira ku mishoni kukapempha a Bulazala kuti akalankhule ndi atate. Ndinawapeza akupala matabwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Sunamve nkhani yonse," anatero. "Ine ndinali mwana wamwamuna yekhayo. Bambo anga anandipatsa zida zonse, koma ine mtima unali kwina. Tsiku limene ndinachoka kukalowa ntchito ya mpingo sanatuluke m'nyumba kudzanditsazika. Zidazo anagulitsa kwa munthu wachilendo."

Ndinayembekeza kuti anena zina, koma anangotenganso thabwa. Kwa atate sanapite. Ndinabwerera kumudzi nditakwiya kuposa mmene ndinapitira.

Atate anamwalira ndi matenda a chimfine aja amene anadza nkhondo itatha. Abale awo anabwera kudzatenga nyundo, mbaniro ndi mvukuto, monga mwa mwambo, ife tikuyang'ana. Zuze anasula chaka chimodzi chokha, n'kupita ku Halale kukagwira ntchito, osabweranso. Nditapita ku Linthipe patapita zaka, ndinapeza amayi a Zuze akuswera mtedza ndi nyundo ija. Ndinaipempha. Anati ikudikira mwini wake.

Kusula ndinaphunzira ndili wamkulu kale, kwa munthu amene sanali mbale wanga, ndipo manja anga sanafike pa atate. Sindinama, mpaka lero zimandiwawa. Koma mkwiyo wanga pa atate unatha. Ndikuona tsopano kuti iwonso ankamuona Zuze monga ndinkamuonera ine, ndipo anamangidwa ndi lonjezo limene sakanalimasula okha. Bambo a Bulazala nawonso anamangidwa ndi mwambo wakwawo. Uku luso likutsata mimba, uko likutsata bambo, ndipo konseko panalibe wofunsa mwana chimene mtima wake ukufuna.

Ana anga ndi adzukulu a kwathu onse anakana utsi, ndipo sindinawakakamize. Amene ndikumuphunzitsa tsopano ndi mwana wa munthu wobwera, amene anaima pakhomo pa chipala masiku ambiri osathamangitsika. Sindinamufunse kuti ndi wa kwa yani.