Mpira wangawu sindibisa

Lachiwiri lapitali alamu anga, a Nachisale, anandipeza pakhonde nditakhala pa chimpira chachikulu cholimbitsira thupi chija timapopa ndi pampu ya njinga. Anatula beseni lawo la matemba, n'kuwomba m'manja.

"Iii, alamu! Mayi wa ana anayi kumanjanja pa mpira ngati mwana wa kusukulu ya mkaka? Kaulowetseni m'nyumba apongozi asanaone."

Ndinawauza kuti sindilowetsa. Ndipo sindinalowetsedi.

Mpirawu sindinagule chifukwa chosowa chochita. Chaka chatha, tili mkati mowokera mpunga kudambo, msana unandigwira, ndinakanika kuweramuka. Anandikweza pa njinga ngati thumba la madeya. Adokotala a mafizo ku Zomba anandiuza mosapsatira kuti ndikapanda kulimbitsa msana ndi chiuno, khasu ndiliiwale. Anandiphunzitsa kukhala pampirapo mowongoka, kukweza mwendo umodzi, kenako winawo, m'mawa ndi madzulo. Mvula nayi yayandikira. Ndikalephera kuwokera chaka chino, ana anga adya manyazi a alamuwo?

Chimene chikundipweteka mtima kwenikweni si kusekedwa ayi. N'chakuti kuno kwathu msana wopindika timauyamikira. Amayi anga anawerama m'dambo la Chilwa moyo wawo wonse. Lero amayenda maso ali pansi, munthu amamuzindikira ndi mapazi. Kutchalitchi amawatama kuti ndi mayi wolimbika. Wolimbika, eya! Nanga akafuna kudzuka pamphasa otamawo amakhala ali kuti? Wowadzutsa ndimakhala ine, ndipo ndimamva chisoni.

Mkazi akamabuula timati ndiwo umayi. Akayamba kusamala thupi lake, basi wayamba matama, wayamba za m'tauni. Koma abambo athunthu amagwa m'bawo kudoko la Kachulu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sindinamvepo wina akuti ndi chibwana.

A Nachisale omwewo powerama kuti asenze beseni lawo ndinawaona atakwinya nkhope, dzanja lili pamsana. Anachita kuwerama kawiri. Sindinawaseke, ndinangowasenzetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine ndiye ndanenetsa: ndizikhala pomwepa, dzuwa likuswa mtengo, odutsa onse aziona. Ndikufuna kudzafika pa msinkhu wa amayi anga ndikuyang'ana anthu kumaso.

Inu amene mukuseka powerenga izi, tayesani. Dzukani pomwe mwakhalapo osagwira bondo, osatsamira khoma, osati "mayo ine."

Mwatha?