Maliro a Bambo Ndinawaonera Pafoni

Kampani imene inandibweretsa ku Doha inalibe hotelo kapena nyumba yoti tikonzemo kanthu. Katundu wake tinali ifeyo. Inkangotibwereketsa: mwezi uno ndikukonza makina oziziritsa m'zipinda pahotelo ina ku Al Dafna, mwezi winawo andiponya kwina.

M'chipinda chathu ku Al Mansoura tinkagona ndi mkulu wina wa ku Chipata, wowotcherera zitsulo, amene ankadzilipirira yekha bedi n'kumadzisakira yekha ntchito. Ankakonda kundiuza kuti, "Mphwanga, luso muli nalo. Tulukani muzigwira zanu. Koma mukadwala, mudzionera nokha."

Mawu omalizawo ankandiopsa. Kukampani kunali basi yotinyamula, bedi ndi chipatala. Ndinakhala.

Kenako bambo anga anamwalira ku Dedza. Mlongo wanga anaimba m'mawa ndili pamakwerero. Ndinatsika n'kuthamangira kwa supavaiza wa pahotelopo.

"Pepa, koma iwe si wantchito wathu," anatero. "Kapemphe tchuthi kukampani kwanu."

Nditaimba kukampani, woyang'anira antchito anati, "Tinakupereka kuhotelo mpaka kontrakiti ithe. Akakumasula iwowo, mafi mushkila, palibe vuto."

Ndinabwerera kwa supavaiza, anandibwezanso. Mawa lake chimodzimodzi. Onse ankandiyankha mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkandiwiritsa mtima. Wondikaniza panalibe, wondilola panalibenso.

Bambo anaikidwa ine ndili m'kachipinda kosungiramo mapaipi, msuweni wanga akundionetsa pafoni bokosi likutsikira m'manda. Netiweki inkadukaduka. Nyimbo ili mkati, supavaiza anandiitana: chipinda china sichikuzizira, mlendo wakwiya. Ndinapita, ndinakonza. Mlendoyo sanandiyang'ane n'komwe.

Nditaweruka ndinauza mkulu wa ku Chipata uja kuti, "Achimwene, ndionetseni njira."

"Lero mwapsa mtima. Dikirani kaye uphole."

"Suphola umenewu."

Mapepala ondichotsa pakampani anatenga miyezi kuti asinthe. Tsopano ndimayenda ndi chikwama cha zida m'mafulati a ku Al Nasr. Kukatentha foni sikhala chete, kukazizira ndimangoswera pabedi. Pachitupa changa palembedwabe dzina la kampani ina, yongondibwereka dzinalo, imene ofesi yake sindinaipondemo.

Koma tsiku lomanga chiliza litakwana, sindinapemphe munthu. Ndinatseka chikwama n'kukwera ndege. Kumandako amalume anandikokera pambali.

"Bwana wakoyo ndani, wokaniza mwana kuika bambo ake?"

Ndinayesa kuwafotokozera za kampani ndi hotelo. Iwo ankafuna dzina la munthu mmodzi woti amutukwane, ndipo ine ndinalibe.